Momwe mungaphunzirire kuyendetsa Linux mpaka kukalemba mayeso a ntchito

Maseva ambiri, makompyuta amene amasunga mawebusayiti padziko lapansi, amayendera Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga momwe Windows imachitira. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu nayonso, pansi pa zithunzi zonse zija, imayendetsedwa ndi kernel ya Linux, phata lake lenileni, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Kwathu kuno DHIS2, pulogalamu imene a zaumoyo amasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, ndi imodzi mwa mapulogalamu amene kawirikawiri amaikidwa pa seva ya Ubuntu, umene ndi mtundu wina wa Linux. Seva iliyonse yotere imafuna munthu woyisamalira, woti ikagwa usiku adziwe poyambira. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kukhala munthu ameneyo.

Ndinene pachiyambi pomwe kuti ntchito imeneyi imalowa kudzera m'zala. Mavidiyo ndi mabuku amathandiza, koma amene waonera maphunziro a maola ambiri osakhudza kiyibodi amasowa chochita seva ikakana kuyaka. Zili ngati mwana wa pa galaja: amadziwa injini chifukwa anaimasula ndi kuimanganso, manja ali bii ndi oilo. Ndiye gawo lililonse pansipa likufuna kuti mukhale pa makina.

Pezani makina oti muwaononge mopanda mantha

Simufunika kompyuta yatsopano. Njira zilipo ziwiri. Ngati muli ndi laputopu ya Windows yokhala ndi RAM ya 8 GB, ikani VirtualBox, pulogalamu yaulere imene imapanga kompyuta ina mkati mwa yanuyo. Seva yophunzirira imakwanira ndi RAM ya 2 GB ndi disiki ya 20 GB, ndiye mutha kuyatsa ziwiri nthawi imodzi. VirtualBox ikakana kuyatsa makinawo, lowani mu BIOS, makonzedwe amene mumawafikira kompyuta ikangoyamba kuyaka, ndi kutsegula VT-x ngati purosesa ndi ya Intel, kapena AMD-V ngati ndi ya AMD.

Njira yachiwiri ndi kutenga kompyuta yakale imene inangoikidwa pakona mu ofesi kapena kunyumba, n'kuikamo Linux yokhayokha. Ine njira imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa mumakumana ndi mavuto enieni a disiki, mawaya ndi magetsi. Fayilo ya ISO, imene imanyamula Linux yoti muike, muilembe pa fulashi ndi Rufus kapena balenaEtcher. Kumbukirani kuti kuika Linux motere kumafufuta zonse zimene zinali pa disikiyo, choncho koperani kaye zofunika.

Za bandulo: ISO ya Ubuntu Server ndi ya pafupifupi 3 GB, pamene ya Debian yotchedwa netinst siyifika ndi 1 GB yomwe, ngakhale imafuna intaneti poiika. Pangani dawunilodi kamodzi pamene pali Wi-Fi, mugawane ndi anzanu pa fulashi. Layisensi ya GPL, imene Linux imayendera, imalola kukopera ndi kugawa, ndiye palibe chimene mwaba. Musanagwiritse ntchito ISO yochokera kwa mnzanu, yerekezani nambala yake ya SHA256, imene ili ngati chidindo cha fayiloyo, ndi imene yalembedwa pa webusayiti ya eni ake. Zikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, fayiloyo ndi yoonongeka kapena wina waisintha.

Sankhani banja limodzi

Mitundu ya Linux ndi yambirimbiri, ndipo ongoyamba ambiri amataya miyezi akudumpha kuchoka pa uwu kupita pa uwo. M'maofesi muli mabanja awiri akuluakulu. Loyamba ndi la Debian, imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993, pamodzi ndi Ubuntu imene inatuluka mu 2004 kuchokera ku kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Banja limeneli limaika mapulogalamu ndi `apt`. Lachiwiri ndi la Red Hat Enterprise Linux (RHEL) ndi abale ake aulere, Rocky Linux ndi AlmaLinux, amene anabadwa CentOS Linux, m'bale waulere wakale, italengezedwa kuti ikutha. Awa amagwiritsa ntchito `dnf`.

Yambani ndi Ubuntu Server ya LTS, kutanthauza yosamaliridwa kwa nthawi yaitali. Ma LTS amatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse, monga 22.04 ndi 24.04, ndipo amalandira zigamba za chitetezo kwa zaka zisanu. Mukazolowera, mudzaike Rocky kapena Alma pambali. Ngati cholinga chanu ndi satifiketi ya Red Hat, mutha kulembetsa ku Red Hat Developer ndi kutenga RHEL yeniyeni kwaulere yophunzirira. Dziwani chabe kuti RHEL 10 imafuna purosesa yatsopanoko, ndiye pa kompyuta yakale kwambiri siyiyaka.

Poika, musasankhe desktop. Mukhale ndi sikirini yakuda yokhala ndi kamzere kophethira basi, imene imatchedwa terminal. Masiku oyamba mudzavutika, koma maseva a kuntchito alibe mbewa yodinira, ndipo kuli bwino kuzolowera panopa. Mukangomaliza kuika, jambulani snapshot mu VirtualBox, kutanthauza kusunga momwe makinawo alili panthawiyo, kuti mukasokoneza zinthu muzibwerera pomwepo.

Masabata oyamba mu terminal

Gawo ili ndi lofulumira kufotokoza koma lofuna kubwereza tsiku ndi tsiku. Phunzirani kuyenda ndi `pwd`, `ls -l` ndi `cd`, kukopera ndi `cp`, kusuntha ndi `mv`, kufufuta ndi `rm`, kuwerenga ndi `less`, kusakasaka ndi `grep` ndi `find`. Dziwani kuti `rm` ilibe dengu la zinyalala: chimene mwafufuta chapita. Dziwaninso malo ofunika: `/etc` ndi kumene kumakhala mafayilo a makonzedwe, `/var/log` kumakhala mbiri ya zimene zakhala zikuchitika, `/home` kumakhala zinthu za anthu.

Kenako phunzirani kulumikiza ma command ndi kamzere koimirira. Mwachitsanzo `grep "Failed password" /var/log/auth.log | wc -l` imakuuzani kuti ndi kangati pamene wina analephera kulowa ndi pasiwedi. Mukamvetsa kuti zotuluka mu command imodzi zimalowa mu inzake, mwagwira mtima wa Linux.

Polemba mafayilo, `nano` ndi yosavuta, koma `vi` muiphunzirenso, chifukwa ndi imene mudzaipeza pafupifupi pa seva iliyonse. Poyambira ndi zinthu zinayi: `i` kuti mulembe, Esc kuti muleke, `:wq` kuti musunge ndi kutuluka, `:q!` kuti mutuluke osasunga. Mukatayipa `vimtutor` mupeza phunziro la theka la ola, bola vim ikhale itaikidwa.

Chizolowezi chimodzi muchiyambe lero: musanathamangire ku Google kapena ku pulogalamu ya AI, tsegulani `man`. Tayipani `man chmod`, dinani `/` kuti musake mawu. Ngati simukudziwa dzina la command, `man -k password` ikupatsani mndandanda. M'mayeso a pa makina enieni mulibe intaneti yofufuzira, ndipo seva imene netiweki yake yafa nayonso ilibe. Gulaninso kope la pepala, muzilembamo vuto lililonse, uthenga umene makina anaonetsa, ndi chimene chinakonza.

Maakaunti ndi zilolezo

Apa ndipo pofunika kukhalitsa, chifukwa mavuto ambiri a pa seva amachokera pa funso loti ndani ali ndi chilolezo chochita chiyani.

Fayilo iliyonse ili ndi mwini wake, gulu lake, ndi ena onse. Aliyense wa atatuwa angaloledwe kuwerenga, kulemba kapena kuyendetsa. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1, ndipo mumaphatikiza. Ndiye `chmod 640 lipoti.txt` ikutanthauza kuti mwini awerenge ndi kulemba, gulu liwerenge kokha, ena onse asaone kanthu. Pa foda, chilolezo choyendetsa chimatanthauza kuloledwa kulowamo. Munthu akhoza kukhala ndi chilolezo chowerenga fayilo koma n'kulephera kuifikira chifukwa foda ya pamwamba yamutsekera. Izi zimasokoneza anthu ambiri.

Pa intaneti mudzaona olangiza kuti chinthu chikakana mungotayipa `chmod 777`. Musatero. Zimenezo ndi kulola aliyense amene ali pa makinawo, ngakhale pulogalamu imene akuba ailowerera, kusintha fayiloyo. Fufuzani kuti ndi akaunti iti imene ikufunika chilolezocho, muipatse yokhayo.

Yesani ntchito iyi, imene imafanana ndi zimene mudzapemphedwa mu ofesi. Pangani gulu ndi `sudo groupadd malipiro` (`sudo` imayendetsa command ndi mphamvu za woyang'anira makina). Pangani maakaunti atatu ndi `sudo useradd -m`, muwapatse mapasiwedi ndi `passwd`. Awiri muwalowetse m'gulumo ndi `sudo usermod -aG malipiro dzina`. Kachilembo ka `a` musakaiwale, chifukwa popanda iko munthuyo amachotsedwa m'magulu ena onse owonjezera amene analimo, ndipo ngati ndi akaunti yanu mutha kutaya mphamvu za sudo. Pangani foda `/srv/malipiro`, muipereke ku gululo ndi `chgrp`, kenako `chmod 2770`. Nambala 2 ya kutsogoloyo imachititsa kuti fayilo iliyonse yatsopano ya m'fodamo itenge gulu la fodayo, kuti awiri aja azitha kugawana ntchito. Tsopano lowani ngati aliyense wa atatuwo ndi `su - dzina`. Awiri alembe, wachitatu akanidwe. Akapanda kukanidwa, fufuzani chifukwa chake mpaka mutachipeza.

Za root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makina: musamagwire ntchito tsiku lonse muli root. Gwiritsani ntchito `sudo`, imene imasiya mbiri ya amene anachita chinthu. Pa Ubuntu amene ali ndi mphamvuzi amakhala m'gulu la `sudo`, pa banja la Red Hat m'gulu la `wheel`. Fayilo ya `/etc/sudoers` muzisintha ndi `visudo` yokha, chifukwa imaona zolakwika musanasunge.

Ma service ndi ma log

Ikani seva ya webusayiti ndi `sudo apt install nginx`. Pulogalamu yotere, yogwira ntchito mwakachetechete kumbuyo, imatchedwa service. Onani ngati ikuyenda ndi `systemctl status nginx`. Imitsani, yatsaninso, ndipo mvetsani kusiyana kwa `start` ndi `enable`: yoyamba imayatsa panopa, yachiwiri imachititsa kuti iziyaka yokha makina akayambiranso. Kwathu kuno, kumene magetsi amazima mosachenjeza, kusiyana kumeneku ndi nkhani yaikulu. Seva imayaka magetsi akabwera, koma service imene inangopatsidwa `start` imakhala chigonere mpaka wina abwere. `systemctl enable --now` imachita zonse ziwiri.

Chinthu chikakana, werengani chimene makina akunena musanasinthe kalikonse. `journalctl -u nginx` ionetsa mbiri ya service imeneyo, `journalctl -b` ionetsa zonse kuyambira pamene makina anayaka. Kawirikawiri yankho limakhala momwemo, ndi dzina la fayilo ndi nambala ya mzere wolakwika.

Makina achiwiri, SSH ndi firewall

Pangani makina achiwiri, makamaka a Rocky kapena Alma, kuti muone mabanja onse awiri. Mu VirtualBox asintheni netiweki ikhale Bridged kapena Host-only kuti aonane. `ip a` ikuuzani adiresi, `ip r` ikuuzani njira yotulukira, `ss -tulpn` ikuuzani zitseko zimene zili zotsegula ndi pulogalamu imene ikumvetsera pa chilichonse.

Kuyambira pano muzilowa mu seva kudzera pa SSH, njira yotetezeka yolowera mu makina muli pa kompyuta ina, imene imamvetsera pa chitseko kapena kuti port 22. Pangani makiyi ndi `ssh-keygen -t ed25519`, imene imapanga kiyi yachinsinsi ndi ya poyera, tumizani ya poyerayo ku seva ndi `ssh-copy-id`, kenako mu `/etc/ssh/sshd_config` muletse kulowa ndi pasiwedi komanso kulowa ngati root. Pali msampha pa Ubuntu: mu foda ya `/etc/ssh/sshd_config.d/` mukhoza kukhala fayilo ina imene ikulolabe pasiwedi, ndipo imeneyo ndi imene imamveredwa chifukwa imawerengedwa koyamba. `sudo sshd -T | grep -i passwordauth` ikuonetsani chimene chikugwiradi ntchito. Mukamasintha za SSH, siyani windo loyamba lili lotsegula, muyese kulowa pa windo lachiwiri. Mukatseka loyambalo musanayese, mutha kudzitsekera panja, ndipo seva ikakhala ku Mzuzu inu muli ku Blantyre, ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu.

Firewall, mlonda wa zitseko za netiweki, nayo ili ndi dongosolo lake. Pa Ubuntu tayipani `sudo ufw allow OpenSSH` kaye, kenako `sudo ufw enable`. Pa banja la Red Hat ndi `firewall-cmd`, ndipo popanda `--permanent` zimene mwasintha zimasowa makina akayambiranso. Kumeneko mukumananso ndi SELinux, chitetezo chowonjezera chimene chili mu makinawo, imene imakana zinthu ngakhale zilolezo wamba zili bwino. Ambiri amangoizimitsa. Inu phunzirani `getenforce`, `ls -Z`, `restorecon` ndi `semanage`, chifukwa mayeso a Red Hat amafuna zimenezi, ndipo seva ya ndalama za anthu siyiyenera kukhala yovula chitetezo.

Madisiki ndi backup

Onjezani disiki yachiwiri mu VirtualBox. Ioneni ndi `lsblk`, igaweni ndi `fdisk` kapena `parted`, muikonze ndi `mkfs.ext4` kapena `mkfs.xfs`, muilumikize ndi `mount`. Kuti izilumikizika yokha, ilembeni mu `/etc/fstab` pogwiritsa ntchito UUID, nambala yake yapadera, imene `blkid` ikupatseni, chifukwa mayina ngati `/dev/sdb` amatha kusinthana. Musanayambitsenso makina tayipani `sudo mount -a`. Mzere umodzi wolakwika mu fayilo imeneyi umatha kulepheretsa seva yonse kuyaka bwino. Mukatero phunzirani LVM, njira yogawira malo a disiki oti mutha kuwakulitsa: `pvcreate`, `vgcreate`, `lvcreate`, ndi `lvextend -r` imene imakulitsa malo popanda kuzimitsa seva.

Backup muiyambe ndi `tar` ndi `rsync`, kenako mulembe script yaifupi ya Bash, fayilo ya ma command otsatizana, yokopera `/etc` ndi `/srv` kupita ku makina achiwiri aja. Iikeni mu `crontab -e` ndi mzere woyamba ndi `0 2 * * *` kuti iziyenda 2 koloko usiku. Ndipo chofunika kuposa zonsezi: fufutani foda ya malipiro ija, muibwezeretse kuchokera mu backup, muone ngati zilolezo ndi magulu abwerera momwe analili. Ndikuona kuti ili ndi gawo limene maphunziro ambiri amalithamangira, chonsecho ndi limene limapulumutsa bungwe disiki ikafa.

Onongani dala, kenako konzani

Pezani mnzanu wophunzira naye. Jambulani snapshot, mutuluke m'chipindamo, iye aononge chinthu chimodzi osakuuzani, inu mubwere kudzachipeza. Akhoza kudzaza disiki ndi fayilo yaikulu, kuti muipeze ndi `df -h` ndi `du -sh`. Akhoza kuchotsa chizindikiro chimodzi mu makonzedwe a nginx, kuti `nginx -t` ikulozereni. Akhoza kusintha adiresi ya DNS, imene imasandutsa mayina a mawebusayiti kukhala maadiresi, kuti `ping 8.8.8.8` iziyankha koma mayina a mawebusayiti azikana. Akhoza kusintha pasiwedi ya root, kuti muphunzire kudukiza GRUB, pulogalamu imene imayatsa Linux, makina akamayaka ndi kulowa mwa njira ya pangozi. Kenako musinthane. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kuganizira chimene mungaonongere mnzanu kumaphunzitsa mofanana ndi kukonza.

Muzitsata dongosolo limodzi nthawi zonse: chasiya kugwira ntchito n'chiyani kwenikweni, chinasintha komaliza n'chiyani, ma log akuti chiyani. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Musanasinthe fayilo ya mu `/etc`, ikopereni kaye ndi dzina lina.

Sankhani mayeso

Mukafika poti zonsezi mukuzichita osayang'ana m'kope kawirikawiri, nthawi ya satifiketi yakwana. Mayeso alipo a mitundu iwiri.

A mafunso ndi monga a Linux Professional Institute (LPI), bungwe limene linayamba mu 1999. Linux Essentials ndi ya ongoyamba, mafunso 40 pa ola limodzi, ndipo satifiketi yake siyitha ntchito. LPIC-1 ili ndi mayeso awiri, 101 ndi 102, aliwonse mafunso 60 pa mphindi 90, ndipo imakhala zaka zisanu. Ubwino wake ndi woti siyikondera banja, imafunsa za `apt` ndi za RPM ya banja la Red Hat zomwe. Mabuku ophunzirira a LPI ali pa webusayiti yawo kwaulere. CompTIA Linux+ nayo ili m'gulu lomweli, ngakhale imasakanizamo mafunso ochita.

A pa makina enieni ndi LFCS ya Linux Foundation ndi RHCSA ya Red Hat, imene nambala yake ndi EX200. Apa amakupatsani seva ndi mndandanda wa ntchito: pangani akaunti, kulitsani disiki, konzani service, tsegulani port. Amaona zotsatira basi. RHCSA imakhala zaka zitatu. Malangizo anga ndi oti ngati ndalama zikukwanira mayeso amodzi okha, sankhani a pa makina, chifukwa wolemba ntchito akaona satifiketi yotere amadziwa kuti munagwirapo seva ndi manja anu. Ngati mukufuna poyambira potsika mtengo, Linux Foundation ili ndi phunziro laulere lotchedwa Introduction to Linux.

Mayesowa amalipiridwa m'madola kudzera pa khadi, ndipo mtengo wake si wochepa, ndiye yambani kukonzekera za malipiro msanga, mufunsenso abwana ngati kuntchito kuli thumba la maphunziro. Tengani mndandanda wa zofunika pa mayeso pa webusayiti ya eni ake, chifukwa umasintha ndi mtundu wa Linux umene akuyesera. Usindikizeni, muzichonga mutu wokhawo umene mwauchita pa makina anu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mukasankha kulembera pa intaneti, woyang'anira amakuonani kudzera pa kamera nthawi yonse, ndipo amafuna chiphaso, chipinda cha inu nokha ndi tebulo lopanda mapepala. Pezani malo okhala ndi jenereta, sola kapena UPS, intaneti yodalirika, ndi foni ina yokhala ndi bandulo ngati yoyamba ingadule. Yesani kompyuta yanu ndi pulogalamu yawo yoyesera kudakali masiku. RHCSA ya pa intaneti imafuna kuti muyatse kompyuta kuchokera pa fulashi yapadera imene amakupatsani fayilo yake, ndiye yesaninso imeneyo pa kompyuta yomweyo imene mudzalembere.

M'mayeso a pa makina, werengani ntchito zonse musanayambe, chifukwa zina zimadalira zinzake. Imene yakukanikani idumpheni, mudzaibwerere. Siyani mphindi khumi ndi zisanu kumapeto kuti muyambitsenso seva ndi kuona ngati madisiki alumikizika, ma service ayaka okha, ndipo firewall yasunga zimene munaiuza, chifukwa a Red Hat amafuna kuti zonse zimene mwakonza zikhalepobe makina akayambiranso.